Chimbudzi M'malo mwa Bedi: Mbiri ya Nyumba Zakale za mu Glasgow

Dzina loti Blantyre tonse timalitchula tsiku ndi tsiku, ndipo ngakhale mwana wa ku pulayimale angakuuzeni kuti amishoni a Church of Scotland, pamene adakhazika mishoni yawo pakati pa mapiri a Ndirande, Soche ndi Michiru m'chaka cha 1876, adatenga dzinali pokumbukira mudzi umene adabadwira David Livingstone. Koma aphunzitsi athu sadatiuze za nyumba imene munthuyo adabadwiramo. Ambiri a ife tinkayesa kuti, pokhala Mzungu, adabadwira m'chinyumba cha khonde lozungulira ngati zija za akuluakulu a boma ku Zomba. Zoona zake n'zakuti adabadwira m'chipinda chimodzi cha lendi, pamwamba pa nyumba yosanjikizana yotchedwa Shuttle Row, imene eni fakitale ya thonje adamangira antchito awo m'mphepete mwa mtsinje wa Clyde. M'nyumbamo munkakhala mabanja 24. Banja la a Livingstone, makolo ndi ana asanu, linkaphika, kudya ndi kugona m'chipinda cha mapazi 14 m'litali ndi mapazi 10 m'lifupi. Mnyamatayo atakwanitsa zaka 10 adalowa ntchito yolumikiza ulusi m'fakitalemo, ndipo lambiri mwa thonje limene ankagwiralo linkalimidwa ndi akapolo kutsidya kwa nyanja ya Atlantic.

Nyumba za mtundu umenewu ku Scotland amazitcha tenement. Ine ndimakhala mu imodzi mwa izo mumzinda wa Glasgow, mtunda wa mamailosi ngati 8 kuchokera ku Blantyre wa kumeneko, ndipo ine ndi mayi a kunyumba kwanga tatha zaka ziwiri tikukonza fulati yathu pang'onopang'ono monga m'mene thumba likulolera. Ntchito imeneyi yandifunsa funso limodzimodzi pa khoma lililonse ndi pa chitseko chilichonse: pokonza nyumba yakale, tisunge ziti ndipo titaye ziti? Nditayamba kufufuza ndidapeza kuti mzinda wonse wa Glasgow udalimbana ndi funso lomweli kwa zaka zambiri, ndipo udataya nyumba zikwizikwi usadapeze yankho. Ndaganiza zolembera anzanga a m'bwalo lino la alembi mbiri imeneyi, chifukwa yankho limene adalipezalo lidachokera kwa anthu wamba, ndiponso chifukwa ife kwathu tili ndi nyumba zimene zikudikira funso lomwelo.

Ndiyambe ndafotokoza m'mene tenement imaonekera. Kawirikawiri ndi nyumba ya nsanjika zinayi, yomangidwa ndi miyala yosema, yolumikizana ndi inzake kuyambira kumayambiriro kwa msewu mpaka kumapeto. Polowera ndi pamodzi. Mpata wolowerawo pamodzi ndi masitepe ake amautcha close, ndipo pa nsanjika iliyonse pali zitseko ziwiri kapena zitatu, chilichonse cha banja lake. Kumbuyo kuli bwalo la onse, kumene kale kunkakhala kanyumba kochapiramo, zingwe zoyanikapo ndi dzala. Zoyamba zidamangidwa ndi mwala wotuwira wokumbidwa pafupi, ku Giffnock ndi ku Bishopbriggs. Cha m'ma 1890, njanji itafupikitsa mtunda, adayamba kubweretsa mwala wofiira wa ku Locharbriggs ndi ku Ballochmyle, kotero kuti munthu wodziwa angathe kuyerekeza zaka za msewu pongoyang'ana mtundu wa makoma. Chodabwitsa n'chakuti olemera ndi osauka omwe ankakhala m'nyumba za maonekedwe amodzi. Kusiyana kudali m'kati. Mmphawi ankapeza chipinda chimodzi chokha, chimene ankachitcha single-end. Mmisiri wa malipiro abwinoko ankapeza chipinda ndi khitchini. Dokotala kapena mwini sitolo wa ku Hyndland ankapeza zipinda zisanu kapena kuposapo, ndipo close yake inkakhala ya matailosi onyezimira ndi magalasi a mitundumitundu.

Nyumbazi zidabadwa chifukwa cha changu. M'chaka cha 1801 mu Glasgow mudali anthu pafupifupi 77,000, koma pofika 1901 adali atapitirira 760,000. Ena adathamangitsidwa m'minda ya makolo awo kumapiri a kumpoto kwa Scotland, ena adathawa njala ya ku Ireland ya m'ma 1840, ndipo onsewo adadzafuna ntchito m'mafakitale a nsalu, a zitsulo ndi m'malo okhomera sitima zapamadzi. Kuthithikana kudafika poti, kuyambira m'ma 1860, akuluakulu a mzinda ankakhoma kachitsulo pa chitseko cha nyumba zing'onozing'ono, kolembedwa chiwerengero cha anthu ololedwa kugonamo, ndipo oyendera ankagogoda pakati pa usiku kudzawerenga mitu. M'chaka cha 1888 mkulu woona za umoyo mumzindamo, Dr James Burn Russell, adakamba pagulu za moyo wa m'chipinda chimodzi, nasonyeza kuti munthu mmodzi mwa anayi alionse a mu Glasgow ankakhala motero. Chifuwa chachikulu chinkasesa mabanja, ndipo ana ambiri ankakula ndi miyendo ya matewe chifukwa utsi wa malasha udaphimba dzuwa.

Zinthu ziwiri za m'nyumbazi ndifuna awerengi azisunge m'mutu, chifukwa nkhani yonse idzakhotera pa izo. Choyamba ndi mphako ya bedi. Pofuna kusunga malo, omanga ankasiya mphako m'khoma la khitchini, yokwana bedi limodzi basi, yotchingidwa ndi nsalu kapena zitseko. Mmenemo ndimo anthu ankabadwira, kudwalira ndi kufera. Chachiwiri ndi chimbudzi. Lamulo la m'chaka cha 1892 litalamula eni nyumba kuika zimbudzi za madzi, ambiri adangomanga kachipinda kamodzi pa masitepe, pakati pa nsanjika ziwiri, koti mabanja atatu kapena anayi azigawana. Taganizani nkhalamba ikutsika masitepe a miyala usiku wa chisanu, kiyi m'manja, kandulo m'dzanja lina. Kalembera wa m'chaka cha 1951 adapeza kuti pafupifupi theka la mabanja a mu Glasgow adalibe bafa m'nyumba.

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse isadayambe, kumanga kwa matenement kudali kutaima kale, chifukwa eni ndalama adaona kuti phindu lachepa. Nkhondo itayamba, antchito adakhamukira mumzinda kudzapanga zida, ndipo eni nyumba adakweza lendi pamene amuna ambiri adali kunkhondo. Amayi a ku Govan, motsogozedwa ndi Mary Barbour, adakana kulipira zoonjezerazo. Ankaika mlonda pa close iliyonse, ndipo wodzatulutsa anthu akaoneka, belu linkalira, amayi n'kutuluka ndi ufa, madzi ndi chilichonse chimene chidali pafupi. Pofika Novembala 1915 mabanja pafupifupi 20,000 adali atanyanyala, ndipo chaka chisadathe boma la ku London lidakhazikitsa lamulo loletsa kukweza lendi. Chidali chipambano chachikulu, ndipo kuyambira 2018 pa Govan Cross paima chipilala cha mayiyu ndi gulu lake. Koma walira mvula walira matope. Eni nyumba ambiri adaleka kukonza madenga ndi mapaipi, ponena kuti lendi siikukwanira. Kwa zaka 40 nyumba zija zidangodyedwa ndi mvula, ndipo mwaye udadetsa miyala yofiira ndi yotuwira yomwe mpaka yonse idaoneka ngati makala.

Choncho nkhondo yachiwiri itatha, akuluakulu adagamula kuti mankhwala ake ndi kugwetsa. M'chaka cha 1945 injiniya wamkulu wa mzinda, Robert Bruce, adalemba lipoti lofuna kusalaza pakati ponse pa Glasgow ndi kumanganso mwatsopano. Zonse zimene adafuna sizidachitike, koma mzimu wake udapambana. M'chaka cha 1957 khonsolo idasankha madera 29 oti agwetsedwe, kuyambira ku Gorbals. Anthu adasamutsidwira ku midzi yatsopano ya kumalire a mzinda monga Castlemilk, Drumchapel ndi Easterhouse, ena ku matauni atsopano a East Kilbride ndi Cumbernauld, ena m'nyumba zazitali zofika kumitambo. Za ku Red Road zidali zisanu ndi zitatu, zina za nsanjika 31, zokonzedwera anthu 4,700. Msewu waukulu wa M8 udadula pakati pa Anderston ndi Charing Cross ngati mpeni pa chinangwa.

Sindifuna kunyoza anthu amene adachita zimenezi, ngati kuti adali opanda nzeru kapena opanda chifundo. Ambiri a iwo adakulira m'zipinda zomwezo, ndipo adaikapo abale awo amene adafa ndi chifuwa. Mayi amene adalandira kiyi wa fulati yatsopano, yokhala ndi bafa lakelake ndi madzi otentha a pampopi, adalira ndi chimwemwe, ndipo misozi yakeyo idali yoona. Komanso nyumba zina zidaoladi kotero kuti padalibe chopulumutsa. Cholakwa chidali kuyesa kuti nyumba ndi makoma okha. Pogwetsa msewu adagwetsanso sitolo ya pakona, agogo a pa nsanjika yachiwiri amene ankalera ana a close yonse, ndiponso ulendo waufupi wa pansi wopita kuntchito. Midzi yatsopano ija idayamba yopanda masitolo okwanira ndi malo osonkhanirapo. Zikepe zinkafa, ana n'kumakulira m'mwamba osaponda dothi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: mafulati a Hutchesontown E ku Gorbals adadzala chinyontho ndi nkhungu mpaka adagwetsedwa mu 1987 asadakwanitse zaka 20. Aja adajambula katswiri wotchuka Basil Spence pa Queen Elizabeth Square adaphulitsidwa mu 1993, ndipo otsala a ku Red Road adagwa mu 2015.

Chimene chidatembenuza mitima chidali mphepo. Usiku wa pa 14 kucha wa pa 15 Januwale 1968 mkuntho woopsa udaomba pakati pa Scotland. Anthu pafupifupi 20 adafa, asanu ndi anayi mwa iwo mu Glasgow, ena ataphwanyidwa ali m'tulo ndi machumuni a miyala amene adaboola madenga. Kwa miyezi yambiri mzinda udafunda malona. Khonsolo idalibe kochitira koma kukonza, popeza sikudali kotheka kusamutsa anthu onsewo nthawi imodzi. Amisiri atakwera pamwamba adaona chinthu chimene olemba mapulani adali asadachiyang'ane: madenga adali oola, machumuni adali ogwedera, koma makoma ambiri adali olimba ngati tsiku limene adamangidwa. Chaka chotsatira, 1969, kudatuluka lamulo la nyumba lolola kuti ndalama za boma zithandize kukonza dera lonse m'malo moligwetsa.

Komabe padali mfundo imodzi yovuta kumasula. Anthu sakadalola kukhalabe m'nyumba yopanda chimbudzi, ngakhale itakongola chotani, ndipo m'fulati ya chipinda ndi khitchini mudalibe malo oonekeratu oikapo bafa. Yankho lidachokera ku Govan, kwawo kwa Mary Barbour. Wophunzira wina wa zojambula mapulani a nyumba pa yunivesite ya Strathclyde, dzina lake Raymond Young, adapita kukakhala pakati pa anthu a m'dera la Taransay Street ndi kuwafunsa chimene ankafuna. Ambiri adati safuna kusamuka, angofuna bafa. Pamodzi ndi aphunzitsi ake ndi anthu a m'deralo adaona kuti mphako ya bedi ija, imene idalipo m'khitchini iliyonse, idali yokwana bafa, beseni ndi chimbudzi. Ndipo popeza mphakozo zidasanjikizana molunjika kuyambira pansi mpaka pamwamba, paipi imodzi ikadatha kutumikira nsanjika zonse zinayi. M'chaka cha 1972 bafa loyamba lotere lidatsegulidwa m'fulati ya mayi wina wa mu Luath Street, ndipo anthu adabwera kudzaliona ngati chozizwitsa. Ntchitoyo idabala gulu la akatswiri lotchedwa ASSIST, limene lidatsegula ofesi yake m'dera momwemo kuti mwini nyumba azingolowa ndi kufunsa.

Ine ndimaona kuti m'mbiri yonse ya nyumba za mu Glasgow palibe nzeru yoposa imeneyi. Sadagwetse khoma lakunja, sadasinthe maonekedwe a msewu, sadasamutse munthu kupita kutali. Adangoyang'ana malo amene adali chizindikiro cha umphawi, mphako yopanda mpweya imene anthu asanu ankapanikizanamo, n'kuikamo chinthu chimene kusowa kwake kunkachotsa anthu ulemu. Lamulo la m'chaka cha 1974 litapereka ndalama kwa mabungwe a nyumba, anthu a m'madera adayamba kukhazikitsa mabungwe awoawo, ku Govanhill, ku Partick, ku Reidvale, ku Queens Cross ndi kwina. M'makomiti mudali amayi apakhomo, oyendetsa mabasi ndi opuma pantchito, anthu amene adali asadalembepo mmisiri ntchito chibadwire. Iwowa ndiwo ankagula mafulati kwa eni ake akale, kusankha akatswiri ndi kuvomereza mapulani, close ndi close. Mafulati atatu a pa nsanjika imodzi ankawasandutsa awiri. Miyala itatsukidwa, anthu obadwira momwemo adazizwa kuona kuti msewu wawo udali wofiira.

Kukonzako nakonso kudali ndi zotaya zake, ndipo ndiyenera kuzitchula. Pofuna kuchepetsa ndalama ndi kusunga kutentha, amisiri ambiri a m'ma 1970 adatsitsa masiling'i, nabisa kapena kuphwanya maluwa a pulasitala a m'mphepete mwake. Zitofu zachitsulo zakuda zidapita kwa ogula zitsulo zakutha. Zitseko zogoba bwino zidakhomedwa mabolodi osalala kuti zioneke zamakono. Kutsuka miyala ndi mchenga wopopera mwamphamvu kapena ndi asidi kudasupula khungu la mwala, ndipo makoma ena akhala akufumbutuka kuyambira pamenepo, mpaka akatswiri adayamba kuletsa njira zimenezo. Ena adamata ming'alu ndi simenti, osadziwa kuti mwala wa mtundu uwu umamwa madzi ndi kuwatulutsanso, ndipo simenti ikatseka njira, madziwo amadya mwala womwewo.

Palinso njira ina yosungira nyumba yakale, ndiyo kuiimitsa monga idaliri. Pa nambala 145 Buccleuch Street pali fulati ya m'nyumba yomangidwa mu 1892, m'mene Agnes Toward, mayi wogwira ntchito yotayipa, adakhala kuyambira 1911 mpaka 1965. Mayiyu sankataya kanthu: makalata, malisiti, mabotolo a jamu, zonse ankasunga, ndipo magetsi adalowa m'nyumba mwake mu 1960. Bungwe la National Trust for Scotland lidatenga fulatiyo mu 1982, nkubwezeramo nyale za gasi, ndipo tsopano anthu amalipira kuti akaione. Shuttle Row nayonso idapulumuka mwa njira yomweyo. Idatsala pang'ono kugwetsedwa, koma anthu adasonkha ndalama ndipo idatsegulidwa mu 1929 ngati chikumbutso cha Livingstone, kenaka idakonzedwanso ndi kutsegulidwa mu 2021. Malo onse awiriwa ndidapitako, ndipo ndidaphunzirako zambiri. Koma m'nyumba zimenezi simugona munthu. Mzinda ungathe kukhala ndi nyumba imodzi kapena ziwiri zotere, pamene mafulati a matenement akale otsala mu Glasgow ndi oposa 70,000, ndipo onsewo ayenera kuphikidwamo nsima kapena mbatata madzulo alionse.

Tsono ndifike pa fulati yathu, imene ili pa nsanjika yachitatu ya nyumba ya mwala wofiira kummwera kwa mtsinje. Bafa lathu lili m'mphako ya bedi. Alendo ena amatilangiza kuti tiphwanye khoma tilikulitse, koma ife tidalisiya pomwepo, chifukwa kwa ine kabafa kameneka ndi chakale cha mtengo wapatali kuposa zokongoletsa zonse za m'nyumbamo. Siling'i ya mabolodi imene wina adaika kale tidaichotsa, ndipo pamwamba pake tidapeza maluwa a pulasitala ali chikhalire, ongothyoka pakona imodzi. Mmisiri adadinda chikombole pa mbali yamoyo n'kuumba chidutswa chosowacho. Mawindo ndi aja okweza ndi kutsitsa, oyenda ndi zingwe zomangidwa ku zitsulo zolemera zobisika m'mafelemu. Wogulitsa mawindo a pulasitiki adatiuza kuti athuwo adatha ntchito. Kalipentala wachikulire atawabaya ndi chizilo adapeza kuti thabwa lapansi lokha ndilo lidaola, ndipo ena onse, a paini wa zaka zoposa 100, adali olimba kuposa matabwa a lero. Adasintha thabwalo ndi zingwe, natseka mipata yolowera mphepo. Choyanikira zovala cha pasiling'i ya khitchini, chokwezedwa ndi chingwe, tidachisunga popeza chimaumitsa zovala osadya magetsi.

Koma mapaipi a mtovu wakupha uja tidazula onse, pamodzi ndi mawaya akale a magetsi. Malasha sitiotha, ndipo palibe tsiku limene ndidalakalaka chimbudzi cha pa masitepe. Muyeso umene tidatsata ndi umene ndidautola ku Govan. Chinthu chikakhala kuti chikugwirabe ntchito yake, ndipo chidapangidwa ndi luso limene lero ndi losowa, chikhale. Chikakhala kuti chinkadwalitsa kapena kuchititsa manyazi okhalamo, chichoke, ngakhale chikhale chakale chotani. Ukale pawokha si ukoma. Nsikidzi nazo zidali zakale.

Phunziro lina lidatipeza kuchokera kudenga. Mungathe kukongoletsa fulati yanu ngati nyumba ya mfumu, koma ngati ngalande ya padenga yatsekeka, madzi adzatsika m'khoma osafunsa kuti fulati iyi ndi ya yani. M'close yathu muli mabanja asanu ndi atatu, ndipo denga, masitepe ndi maziko ndi za tonse. Lamulo la matenement la m'chaka cha 2004 lidafewetsako zinthu, chifukwa pamene zikalata za nyumba sizinenapo kanthu, ochuluka akavomera kukonza, otsalawo ayenera kusonkha nawo. Ngakhale zili choncho, pamafunikabe kugogoda pa zitseko, kumwa tiyi wambiri ndi kupirira. Apa ndipo ndidaona kuti mwambi wathu uja wakuti mutu umodzi susenza denga, ku Glasgow ndi nkhani ya masileti enieni ndi ndalama zenizeni.

Funso la m'badwo uno ndi kutentha. Makoma a miyala amataya moto, mitengo ya gasi ndi yokwera, ndipo dziko likufuna kuchepetsa utsi umene ukusintha nyengo. Mawu akuti nyumba zakale n'zosathandiza ayambanso kumveka. Koma pa nambala 107 Niddrie Road bungwe la Southside Housing Association lidatenga close ya mafulati asanu ndi atatu, nkuifunditsa zotchinga kuzizira, kumaso cham'kati kuti mwala wofiira uzionekabe kumsewu, kumbuyo chakunja. Ntchitoyi inkachitika pa nthawi imene Glasgow idalandira msonkhano wa zanyengo wa COP26 mu 2021. Ndi nzeru ya ku Luath Street yomwe ija, yofunafuna malo a chosowa chatsopano m'kati mwa nyumba yakale. Chodetsa nkhawa china n'chakuti matenement okonzedwa bwino akwera mtengo kotero kuti zidzukulu za amene adawapulumutsa sizingawakwanitse, pamene m'misewu ina ya ku Govanhill eni nyumba osasamala akhala akuunjika mabanja obwera kuchokera kunja m'zipinda zodontha. Dr Russell akadauka akadazizindikira zipinda zimenezo.

Nanga zonsezi zikutikhudza bwanji ife? Ndalama za amalonda a mu Glasgow yemweyu ndizo zidakhazikitsa mu 1878 kampani imene idadzatchedwa African Lakes, ndipo oyang'anira ake, John ndi Frederick Moir, ndiwo adamangitsa nyumba ya Mandala mu 1882. Nyumba imeneyi yaima mpaka lero chifukwa siidasiyidwe yopanda ntchito, ndipo m'zaka zapitazi yakhala ikusunga laibulale ya Society of Malawi. Tchalitchi cha St Michael and All Angels, chimene David Clement Scott adamanga ndi amisiri a kwathu kuyambira 1888 mpaka 1891, chili ndi ochisamala. Zotere sizindidetsa nkhawa kwambiri. Ndimaganiza za nyumba zopanda dzina: masitolo akale a ku Limbe okhala ndi zipinda zogona pamwamba, nyumba za antchito a njanji, mizere ya nyumba za ku Kanjedza ndi ku Chitawira, makwalala a ku Zomba amene adasiyidwa likulu litasamukira ku Lilongwe mu 1975. Tonse tikukumbukira nyenyezi yofiira imene, kuyambira m'nthawi ya Dr Banda, yakhala ikupakidwa pa makoma a nyumba zoti zigwetsedwe. Zina mwa izo n'zoopsadi ndipo ziyenera kugwa. Koma ndani adakwera padenga kukaona ngati chofooka ndi khoma kapena malata okha?

Wina adzati zimenezo ndi nyumba za atsamunda, zomangidwa pa tsankho, ndipo kuzisunga ndi kusunga manyazi athu. Mawu amenewa ndi olemera ndipo sindiwapeputsa. Koma matenement nawonso adamangidwa kuti olemera adyerepo pa osauka, ndipo ana a osauka omwewo ndiwo adawalanda n'kuwasandutsa awo. Njerwa za ku Limbe adaumba ndi agogo athu, ndipo matabwa a m'denga adacheka ndi iwo. Khonde lalikulu, siling'i yaitali ndi khoma lochindikala zimaziziritsa nyumba mu Okutobala popanda makina, pamene nyumba zambiri zatsopano za magalasi okhaokha zimasanduka uvuni magetsi akangozima. Chimene tiyenera kuchotsa ndi kachimbudzi ka kuseri ka wantchito, paipi yodzimbirira ndi waya woyatsa moto. Ndipo oyenera kuloza chochotsa ndi chosunga ndi anthu amene amagona m'nyumbazo, chifukwa iwo ndiwo adziwa pamene pamadontha ndi pamene pamakoma kukhala madzulo. Glasgow idazindikira zimenezi itagwetsa kale madera athunthu, ndipo madzi akatayika saoleka. Ife nyumba zathu zambiri zikadali chiimire. Alembi anzanga, tisadikire mkuntho: tiyeni tipite tikagogode pa zitseko zimenezo, tifunse okhalamo, tilembe zimene atiuze, wopaka nyenyezi asadafike.